Chinyezi chikamabwererabwerera mu supamaketi: kufufuza vuto pa makina oumitsa mpweya ndi kutentha kwa mafiriji

Zizindikiro zake sizisintha. Magalasi a zitseko za mafiriji achita nkhungu moti wogula sakuona zamkati, pansi m'mbali mwa mafiriji otsegula pali madontho, makoyilo amkati akumanga ayezi nthawi ya defrost (yosungunula ayeziyo) isanakwane, ndipo makatoni a zakudya zoundana afewa. Wokonza akafika masana dzuwa likuswa mtengo, amapeza zonse zili bwino pa makina oumitsa mpweya: gudumu lake loyamwa chinyezi likuzungulira, mpweya ukutuluka wouma. Kukacha, makamaka ngati usiku kunagwa mvula, vuto lija labwerera.

Pa makina amene gudumu loyamwa chinyezi limaumitsidwa ndi kutentha kotayidwa ndi makompuresa, gudumu ndilo limayamba kulozedwa chala, koma nthawi zambiri lilibe mlandu. Kawirikawiri chimene chasowa ndi kutentha pa nthawi imene kukufunika, apo ayi mpweya ukudutsa pomwe suyenera kudutsa. Gudumu ndi lodula, choncho musaitanitse lina musanayeze zimene zili m'munsimu.

Gudumulo lili ndi timabowo tambirimbiri tokutidwa ndi silica gel kapena zeolite (mankhwala oyamwa chinyezi), ndipo limazungulira pang'onopang'ono pakati pa njira ziwiri za mpweya. Mbali imodzi pamadutsa mpweya wopita mu sitolo, n'kusiya chinyezi chake m'gudumu. Mbali inayo pamadutsa mpweya wotentha umene umachotsa chinyezicho n'kukachitaya panja. Uwu tiziutcha mpweya woumitsira. Makina otenthetsa ndi moto wa gasi kapena magetsi amafikitsa mpweya umenewu pa madigiri 120 mpaka 140, pomwe a kutentha kwa mafiriji amagwira ntchito ndi madigiri 45 mpaka 70 basi. Alibe kutentha kotsalira. Madigiri 10 akasowa, zimaoneka pa magalasi.

Yambani ndi sensa

Mafiriji oonetsera malonda amayesedwa pa mpweya wa madigiri 24 ndi RH (chinyezi chimene chili mu mpweya poyerekeza ndi chonse chimene ungasunge pa kutentha kumeneko) ya 55 peresenti, kapena madigiri 25 ndi 60 peresenti malinga ndi muyezo wa ISO 23953. Kupyola apo ayezi amachuluka. Koma RH payokha imasocheretsa. Mpweya wa madigiri 24 ndi 55 peresenti uli ndi madzi magalamu 10.2 pa kilogalamu iliyonse ya mpweya. Mpweya womwewo ukalowa mu mpata wa mafiriji n'kuzizira kufika madigiri 19, sensa iwerenga 75 peresenti ngakhale palibe dontho lomwe lawonjezeka. Sensa ina yoikidwa m'mwamba pafupi ndi magetsi owala iwerenga 45 peresenti, kontirola n'kuzimitsa makina sitolo ikunyowa. N'chifukwa chake makina otere ayenera kulamulidwa ndi dew point, kutentha kumene mpweya umayambira kugwetsa mame. Pa chitsanzo chathuchi ndi madigiri 14.4, ndipo sitolo yofuna magalasi oyera imayenda bwino pa madigiri 10 mpaka 12.

Sensa iyeseni ndi mchere. Ikani mchere wapatebulo wonyowetsedwa, koma wosasungunuka wonse, mu botolo lotsekeka bwino pamodzi ndi sensa, osaikhudzitsa mcherewo, n'kudikira maola angapo. Iyenera kuwerenga 75 peresenti. Ikaphonya ndi 5 kapena kuposa, isintheni. Malo ake akhale pa msinkhu wa munthu, chapakati pa sitolo, kutali ndi khomo, ndi mafiriji, ndi pomwe mpweya wa makina umatulukira.

Malo anayi oyeza pa gudumu

Boolani timabowo toyezera, ngati palibe, pa malo anayi: mpweya wa sitolo usanalowe m'gudumu, utatuluka, mpweya woumitsira usanalowe, ndi utatuluka. Paliponse tengani kutentha ndi RH, kenako musinthe kukhala magalamu pa kilogalamu pogwiritsa ntchito tchati cha psychrometric (chowerengera chinyezi cha mpweya) kapena pulogalamu ya pafoni. Musayeze kamodzi masana n'kunyamuka. Siyani chojambulira manambala usiku wonse, chizilemba mphindi 5 zilizonse, ndipo mutengenso kutentha kwa paipi yotuluka ku makompuresa ndi presha ya kondensa (pomwe gasi wa mafiriji amatayira kutentha) pa maola omwewo.

Makina abwinobwino okhala ndi koyilo yoziziritsa mpweya usanafike pa gudumu amapereka manambala ngati awa: mpweya ukulowa pa madigiri 12 ndi magalamu 8.3, ukutuluka pa madigiri pafupifupi 21 ndi magalamu 5.5. Kutenthako sikulakwika kwa makina. Gudumu likayamwa nthunzi limatulutsa kutentha, madigiri 2.5 pa galamu iliyonse, ndipo kuphatikiza kumene latenga ku mbali yotentha zimafika pafupifupi madigiri 3. Nambala imeneyi ndi yothandiza kwambiri pofufuza. Mpweya ukakwera madigiri 9 koma galamu imodzi yokha ndiyo yachoka, ndiye kuti kutentha kukuwoloka popanda kugwira ntchito: gudumu likuthamanga mopitirira, malabala a m'mphepete atha, kapena timabowo tapakika mafuta. Madigiri akapanda kukwera, magalamu osatsikanso, gudumu laima kapena mbali youmitsira ilibe kutentha. Madzi amene achoka mbali ya sitolo ayeneranso kupezeka mbali inayo mukawerengera kuchuluka kwa mpweya wa mbali zonse. Akasiyana kwambiri, penapake pakutayikira mpweya kapena choyezera chanu chikunama.

Kutentha kukamachepa m'bandakucha

Apa ndi pomwe pamagona vuto lobwererabwerera, ndipo m'pofunika kulimvetsa bwino. Chimene chimaumitsa gudumu si madigiri paokha koma kutsika kwa RH ya mpweya woumitsira, ndipo mpweya wa sitolo sungatuluke ndi RH yotsika kuposa imeneyo. Tengani mpweya wakunja wa madigiri 30 wokhala ndi magalamu 18, RH yake 67 peresenti. Mukautenthetsa kufika madigiri 60, RH imatsika pa 14 peresenti. Pa madigiri 50 ili pa 23. Pa madigiri 40 ili pa 39. Pa 39 peresenti gudumu limangozungulira, kuumitsa kwake n'kongolawitsa.

Tsono werengerani kutentha kofunika. Kiyubiki mita imodzi ya mpweya pa ola imafuna mawati 0.33 kuti ikwere digiri imodzi. Makiyubiki mita 5,000 pa ola, kuchokera pa madigiri 30 kufika 55, ndi makilowati 41. Makompuresa oziziritsa makilowati 100 amataya kutentha kwa makilowati 130 kapena kuposa pang'ono, zomwe zimamveka ngati zokwanira n'kutsalako. Koma pa magasi a mafiriji ngati R404A, R448A ndi R449A, gawo lotentha kwenikweni, lija la gasi wongotuluka mu kompuresa asanayambe kusanduka wamadzimadzi, limakhala pafupifupi 15 mpaka 25 peresenti ya kutentha konseko. Kotsalako kumatuluka pa madigiri a kondensa, 35 mpaka 45 kunja kukatentha. Ndiye pa makilowati 41 ofunika aja, mwina muli ndi 25, ndipo apo ndi masana makompuresa onse akulira.

Usiku zinthu zimatembenuka. Makatani a mafiriji atsitsidwa, zitseko sizikutsegulidwa, magetsi owala azimitsidwa, makompuresa awiri mwa anayi apuma. Kunja kwazizira, choncho kontirola yatsitsa presha ya kondensa kuti ipulumutse magetsi, mwina mpaka madigiri 20, ndipo paipi yotuluka imene masana inali pa madigiri 80 tsopano mutha kuigwira ndi dzanja. Koma mpweya wakunja wa m'bandakucha kukagwa mvula ndi wodzaza madzi. Chinyezi chimafika pachimake nthawi yomwe kutentha kwatsikiratu. Manambala a usiku akaonetsa mpweya woumitsira ukutsika pansi pa madigiri 45 pamene dew point ya sitolo ikukwera, mwalipeza vuto, ndipo gudumu latsopano silingalithetse.

Musanakhudze kontirola, tsimikizani kuti kutentha komwe kulipoko kukufika. Vavu ya njira zitatu imene imapatutsa gasi wotentha imatha kukakamira pakati. Gwiritsani choyezera pa mapaipi ake atatu vavuyo italamulidwa kutseguka, ndipo paipi yopita ku mbali yotengera kutentha isasiyane kwambiri ndi yolowa. Ikasiyana, onani koyilo ya magetsi ya solenoid (kavavu kotseguka ndi magetsi) ndi kapaipi kakang'ono kamene kamayendetsa vavuyo. Ngati kutentha kumanyamulidwa ndi madzi kapena glycol kudzera mu plate heat exchanger (mapuleti opatsira madzi kutentha kwa gasi), tulutsani mpweya pa malo okwera a mapaipi, tsukani sefa ya pampu, ndipo muone kusiyana kwa madzi olowa ndi otuluka. Akasiyana kwambiri, madzi akuyenda pang'ono. Akasiyana pang'ono gasi ali wotentha, mapuleti amanga zokanirira mkati ndipo afunika kutsukidwa ndi mankhwala.

Zimenezi zikakhala bwino, pali njira zingapo, ndipo siziposana pang'ono. Yabwino koposa, ngati mapaipi a mpweya alola, ndi kusintha kumene mpweya woumitsira umachokera. Mpweya wotayidwa kuchokera mu sitolo momwemo, wa magalamu 10, ukatenthetsedwa pa madigiri 50 umafika pa RH ya 13 peresenti, mofanana ndi wakunja uja pa madigiri 60. Mwapeza phindu la madigiri 10 popanda kuwonjezera katundu pa kompuresa. Ungokhala wosachokera kukhitchini kapena kophikira buledi. Yachiwiri ndi kuchepetsa liwiro la fani youmitsira pamene kutentha kwachepa: mpweya wochepa pa madigiri 52 umaumitsa bwino kuposa wambiri pa madigiri 41, bola musatsike pansi pa mlingo umene opanga gudumu analemba.

Yachitatu ndi kukweza presha ya kondensa, ndipo apa samalani. Digiri iliyonse imene mwakweza imawonjezera magetsi a makompuresa ndi 2 mpaka 3 peresenti. Kuchoka pa madigiri 22 kufika 40 usiku wonse ndi kugula kutentha pa mtengo wokwera n'kumakutcha kwaulere. Lumikizani kontirola ya makompuresa ndi sensa ya dew point kuti presha izikwera pokhapokha sitolo ikapyola mlingo, ndipo izitsika ikangobwerera. Nthawi zina hita yaing'ono ya magetsi yowonjezera madigiri 8 kapena 10 kwa maola awiri a m'mawa imadya zochepa kuposa kukakamiza makompuresa onse. Werengerani zonse ziwiri musanasankhe.

Thanki yosungira madzi otentha anthu amaidalira mopitirira. Malita 1,000 akazizira ndi madigiri 10 amapereka ma kWh 11.6, amene pa makilowati 41 amatha m'mphindi 17. Imathandiza kusalaza nthawi imene makompuresa akuyaka n'kuzima, koma singakuwolotseni usiku.

Funsaninso ngati mu sitolomo munasintha kanthu vutoli lisanayambe. Kuika zitseko pa mafiriji amene anali otsegula ndi chinthu chabwino, koma kumamenya makina awa kawiri: makompuresa amataya kutentha kochepa, komanso makoyilo a mafirijiwo, amene ankayamwa chinyezi chambiri cha mu sitolo mosadziwika, amasiya ntchito imeneyo. Makina amene ankakwanira chaka chatha amapezeka achepa popanda chimene chathyoka.

Pa makina a mafiriji a R744, gasi wa kaboni dayokisaidi, nkhani ndi yosiyana pang'ono. Kupyola madigiri 31 ndi presha ya ma bar 74, gasiyu sasanduka wamadzimadzi, ndipo amatuluka mu kompuresa pa madigiri 90 mpaka 120, gawo lalikulu la kutentha kwake lili logwiritsika ntchito. Kunja kukazizira makinawo amatsika pansi pa mlingo umenewo, kutentha n'kuchepa. Kontirola zambiri zili ndi gawo lokweza presha pofuna kutenga kutentha. Onani ngati linayatsidwa komanso ngati likulandiradi uthenga kuchokera ku makina oumitsa mpweya. Pampu ya madzi iziyamba vavu ya gasi isanatseguke, ndipo izipitiriza kwa mphindi zingapo vavuyo itatseka. Kupanda kutero madzi amawira mkati mwa mapuleti, mapaipi n'kumagunda. Presha ya makina amenewa imapyola ma bar 100, choncho mbali ya gasi agwire ndi amene anaphunzira R744.

Gudumu lenilenilo

Matani katepi m'mphepete mwake n'kuwerenga nthawi ya ulendo umodzi. Magudumu amenewa amazungulira maulendo apakati pa 8 ndi 30 pa ola, ndipo nambala yeniyeni ili pa chikwangwani cha makina. Lamba akamaterereka, gudumu limayenda modukizaduka ndipo pansi pa pule pamakhala fumbi lakuda la labala. Likachedwa limakhuta madzi lisanafike ku mbali yotentha. Likathamanga limangonyamula kutentha. Mota ikapsa, imene yalowa m'malo ikhale ndi magiya ofanana. Pali magudumu ena osinthanitsa kutentha amene amazungulira maulendo pafupifupi 20 pa mphindi, ndipo mota yake ikaikidwa pano molakwitsa, kuumitsa kumatheratu ngakhale ndi maso zonse zikuoneka zikuyenda.

Zimitsani magetsi n'kukhoma switchi, kenako walitsani tochi mbali imodzi mnzanu akuyang'ana mbali inayo. Kuwala kudutse m'timabowo mokha. Kukadutsa m'mphepete kapena pa mzere wogawa mbali ziwiri, malabala atha kapena gudumu lapendekeka chifukwa cha bering'i. Mafani akuyenda, presha ya mbali ya sitolo ikhale yokwererapo pang'ono kuposa ya mbali youmitsira, kuti kutayika kulikonse kuzichoka kouma kupita konyowa. Sefa ya mbali ya sitolo ikatsekeka pamene fani ikukoka mpweya kudzera m'gudumu, presha imatembenuka, mpweya wonyowa wotentha n'kuyamba kulowa mu sitolo.

Fumbi louma limachoka ndi makina opopa fumbi kapena mpweya wa kompuresa wa presha yotsika, woulutsidwa chapatali. Mafuta ndiwo oopsa. Utsi wa nkhuku zowotcha kapena wa zokazinga ukalowa, umamata timabowo ta silica gel ndipo mphamvu yoyamwa sibwereranso yonse. Nkhope ya gudumu ikakhala yachikasu ndi yomata mukaikhudza, pitani padenga mukaone mtunda wa pakati pa chumuni cha kukhitchini ndi polowera mpweya. Magudumu ena a silica gel amatsukika ndi madzi potsatira malangizo a opanga. A lithium chloride asakhudze madzi, chifukwa mcherewo umasungunuka n'kukokoloka. Pa chifukwa chomwecho, onani ngati koyilo yoziziritsa sikuwazira madontho pa gudumu. Zimachitika mpweya ukapyola mamita 2.5 pa sekondi pa nkhope ya koyilo, kapena paipi yotayira madzi ikatsekeka thireyi n'kusefukira.

Paipi yotaya mpweya wonyowa itsetserekere kunja ndipo ikutidwe, kuti madzi osanduka mkati mwake asabwerere ku gudumu. Pakamwa pake pasayang'anane ndi polowera mpweya uliwonse.

Mwina makina ali bwino, sitolo ndiyo ikumwa chinyezi

Makina ochotsa magalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ya mpweya wa makiyubiki mita 5,000 pa ola amachotsa madzi makilogalamu 18 pa ola. Khomo lolandirira katundu losiyidwa pululu kunja kuli chinyezi limalowetsa oposa amenewo. Imani pa khomo lalikulu ndi kachingwe ka pepala lopepuka. Kakamaweramira mkati, sitolo ikukoka mpweya wakunja, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi mafani a kukhitchini amene akutulutsa mpweya pamene fani yobwezera yafa kapena inazimitsidwa. Sitolo ikhale ndi presha yoposa yakunja ndi ma pascal ochepa chabe. Kukolopa ndi madzi ambiri m'bandakucha, ndi makina owazira masamba madzi, zimawonjezera katundu pa ola loipa lomwe lija.

Mafiriji akayamba kuvuta chifukwa cha makina oumitsa

Vuto lina limaonekera ku mafiriji osati ku magalasi. Koyilo yotengera kutentha kwa gasi wa makompuresa ikazimitsidwa, gasi wotsalira mkati amasanduka wamadzimadzi n'kukhala momwemo. Mlingo wa mu risiva, thanki yosungira gasi wamadzimadzi, umatsika, pa galasi loonera pamaoneka thovu, mafiriji akutali sazizira, ndipo wina amawonjezera gasi. Vavu ikadzatsegukanso, gasi yense uja amabwerera, presha n'kukwera mpaka makina kuzima okha. Mlingo wa mu risiva ukamakwera n'kutsika motsatira kuyaka kwa makina oumitsa, musawonjezere gasi. Onani vavu yoletsa kubwerera pa paipi yotuluka ku koyiloyo, ndi kapaipi kamene kamapopa gasi wotsalira kubwezera ku mbali yoyamwa ya makompuresa; kamatsekeka ndi zinyalala, kapena solenoid yake imafa. Kugunda kwa mapaipi pamene vavu ikusintha ndi chizindikiro cha gasi wamadzimadzi yemweyo akukankhidwa ndi gasi wotentha, ndipo kukapitirira kumang'amba mowotcherera. Oyilo nayenso amatsalira m'mapaipi okwera gasi akamayenda pang'ono usiku, ndiye yang'anani mlingo wake pa makompuresa m'mawa.

Dew point ikakhazikika

Makina akakonzeka, phindu la magetsi silibwera lokha. Mahita a m'mafelemu ndi m'magalasi a zitseko ambiri amasiyidwa oyaka usana ndi usiku, mwina chifukwa wina anawalumikiza mwachindunji nthawi imene magalasi ankachita nkhungu. Abwezereni pa kontirola yake, imene imachepetsa mphamvu yawo dew point ikatsika, ndipo muyese potsegula chitseko masekondi 10 n'kuona ngati galasi likuyera msanga.

Defrost musaichepetse mwakamodzi. Dikirani sabata yathunthu dew point isanapyole madigiri 12, kuphatikizapo m'bandakucha, kenako chotsani defrost imodzi pa tsiku pa mzere umodzi wa mafiriji. Tsegulani pansi pa firiji defrost yotsatira itatsala pang'ono kuyamba: chisanu chikhale chopyapyala, mipata ya pakati pa zipsepse za koyilo ikuoneka, ndipo kutentha kwa zakudya kusasinthe pa zolemba za sabatayo. Zikatero pitani pa mzere wina. Mafiriji a nyama yaiwisi ndi oyandikira khomo muwasiye akhale omaliza.